Patha miyezi 14 chiikireni ndalama kukampani ya anthu opemphera

Nditangotsegula akaunti chaka chatha ndinalemba moyamikira kwambiri. Ndinati mlangizi wawo ndi munthu wofatsa, tinayamba ndi pemphero tisanagwire mafomu, ndipo mtima wanga unakhala pansi nditamva kuti ndalama zanga sizikagula masheya a makampani a fodya, mowa, juga, zida zankhondo kapena zithunzi zolaula. Zonsezo zikadali zoona. Kungoti nthawi imeneyo ndinkayamikira kalandiridwe, katundu ndisanamuone.

Kusefa makampani amachitadi. Miyezi itatu iliyonse amanditumizira mndandanda wa masheya omwe thumba lathu (ndalama zophatikiza za tonse oikako) lagula, ndipo ndimauwerenga dzina ndi dzina. Sindinapezepo kampani yofulula mowa kapena yoyendetsa juga. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti ena mwa mayina akuluakulu ndi omwewo amene ali m'thumba wamba la mchemwali wanga, lomwe silitchula za Mulungu n'komwe. Nditafunsa, anandifotokozera kuti kusefako kumayendera malire. Sitolo yaikulu ikhoza kumagulitsa mowa, koma ngati phindu la mowawo ndi laling'ono poyerekeza ndi malonda ake onse, imalowa ndithu. Ngakhale matumba a Chisilamu, omwe amakana chiwongoladzanja, ambiri amalola mpaka 5 peresenti ya ndalama za kampani kuchokera ku zoletsedwa, kenako gawo limenelo amalipereka kwa osowa. Sindinakwiye nazo, koma ndikanakonda akanandiuza tsiku loyamba lija.

Maganizo amenewa si achilendo ayi. Akhristu a gulu la Quaker a ku Philadelphia, ku America, analetsa mamembala awo kuchita malonda a akapolo mu 1758, ndipo mu 1971 abusa awiri a Methodist ku America anayambitsa thumba la Pax World Fund pofuna kuti ndalama za mpingo zisapite kwa opanga zida za nkhondo ya ku Vietnam. Mbali imeneyi ndimailemekeza, ndipo ndi imene ikundisungabe kumeneko.

Pandivuta ndi pa ndalama zomwe amadula. Pomwe ndinkasaina anandiuza nambala imodzi yokha, ya kayendetsedwe ka thumba. Sitetimenti yachiwiri itafika ndinaona kuti pali inanso ya ulangizi, ndipo m'zilembo zing'onozing'ono za mgwirizano muli chilango cha wotulutsa ndalama zaka zoikika zisanakwane. Sananame, zonse zinalembedwa. Ine ndi amene sindinawerenge, chifukwa munthu amene mwangotseka naye maso n'kunena ameni, kumufunsa kuti "Nanga inuyo mupezapo zingati?" kumaoneka ngati mwano. Manyazi amenewo ndi amene anandidyera ndalama.

Nditaphatikiza zonse, ndinapeza kuti ndikulipira pafupifupi 1 peresenti pachaka kuposa mchemwali wanga. Imamveka yochepa. Koma tengani kakyuleta: ndalama yokula ndi 7 peresenti pachaka imachulukana ka 7.6 pa zaka 30, pomwe yokula ndi 6 peresenti imafika ka 5.7 basi. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi lapita, mwakachetechete.

Mwezi wachisanu ndi chinayi ndinalimba mtima n'kuwaimbira. Ndinati, "Abambo, tandiuzeni bwinobwino, mukandigulitsa thumba ili ndi kundigulitsa lija lotchipa, malipiro anu amafanana?" Anakhala chete pang'ono, kenako anavomera kuti amalandira komishoni, ndipo imakwera akagulitsa zinthu za kampani yawo yomwe, makamaka zophatikiza ndi inshuwalansi. Ndinawalemekeza poyankha mosabisa. Komabe kuyambira tsiku limenelo ndimawamvera ngati wogulitsa wokhulupirika, osati ngati m'busa.

Ndinachitanso chomwe ndinayenera kuyambira: kufufuza ngati kampaniyo ili m'kaundula wa bungwe la boma loyang'anira za ndalama, komanso ngati masheya athu amasungidwa ndi bungwe lina lapadera osati m'manja mwawo. Zonse ziwiri zili bwino. Si nkhani yoseweretsa iyi. Bungwe la mpingo la ku America lomwe anthu ankaikako ndalama, Baptist Foundation of Arizona, linagwa mu 1999, anthu pafupifupi 11,000, ambiri okalamba a mumpingo, n'kutaya ndalama zoposa madola 500 miliyoni. Akuluakulu ake ena anapita kundende. Anthu amenewo sanali opusa, anangoona kuti mbale sangabere mbale.

Za phindu sindinena zambiri, miyezi 14 ndi yochepa kuweruzira masheya. Miyezi ina tinali patsogolo pa thumba la mchemwali wanga, ina kumbuyo, malingana ndi mmene makampani omwe ife timawakana achitira. Pulogalamu yawo ya pafoni imachedwa, koma ukaimba amayankha munthu weniweni.

Ndalama zomwe ndinaika kale ndazisiya komweko mpaka nthawi ya chilango ithe. Zatsopano za mwezi ndi mwezi ndazigawa pawiri: theka likupitabe kwa iwo, theka ndikuliika m'thumba lina lomwe limasefanso makampani mofanana koma lopanda mlangizi. Nditawauza abambo aja, anangoti amvetsa, ndipo anandifunsa ngati tingapemphere tisanadule foni. Tinapemphera.