Mar Menor: kukulitsa ngalande kapena kuchepetsa feteleza kumunda?

Mar Menor, dziwe lamchere la ku Murcia m'dziko la Spain, ndi lalikulu masikweya kilomita 135, koma pozama kwambiri sipapitirira mamita 7. Madzi ake amasinthana pang'onopang'ono ndi nyanja ya Mediterranean, choncho nayitirojeni wa mu feteleza wochokera m'minda yothirira ya m'chigwa choyandikana nalo cha Campo de Cartagena amangounjikana n'kumachulukitsa ndere. Mu 2016 ndere zinabiriwitsa madzi, dzuwa linaleka kufika pansi, ndipo pafupifupi 85 peresenti ya udzu wam'madzi unafa.

Njira yoyamba yothetsera vutoli ndi kukumba ngalande kuti madzi a m'nyanja azitsuka dziwelo. Zimaoneka zachangu, koma zotsatira zake zinaoneka kale. Atakulitsa ngalande ya Estacio m'zaka za m'ma 1970, mchere unatsika, ndere ya Caulerpa prolifera inalowa n'kuyala pansi. Komanso zonyansazo sizitha, zimangosamukira ku udzu wam'madzi wa Posidonia wa m'nyanja ya Mediterranean.

Yachiwiri ndi kutseka kumene vuto likuchokera: kuthira feteleza wochepa, kuthetsa ulimi wothirira wosaloledwa, ndi kukonza madambo a mabango m'njira ya madzi ngati Rambla del Albujón. M'matope opanda mpweya a madambowo, mabakiteriya amasandutsa nayitireti (nayitirojeni wa mu feteleza wosungunuka m'madzi) kukhala mpweya wa nayitirojeni womwe umauluka. Apa ndiye nayitirojeniyo amachokadi.

Vuto lake ndi kuchedwa. Madzi apansi panthaka anakhuta kale nayitireti ndipo azitulutsabe kwa zaka zambiri, pomwe matope a m'dziwemo amalavula fosifolasi, chakudya china cha ndere, okosijeni akachepa. Nsomba zinafanso zambiri mu Okutobala 2019 ndi Ogasiti 2021. Ngakhale zili choncho, yachiwiriyi ndiyo yoyenera kuikapo ndalama.