Version script imodzi pa mapurosesa atatu: mmene yayendera patapita miyezi

Laibulale yathu ya C++ timaimangira x86_64, arm64 ndi ARM yakale ya 32-bit, ndipo kwa miyezi ingapo tsopano version script, fayilo ya malangizo yomwe timapatsa GNU ld (linker yolumikiza zidutswa za code pa Linux), ndiyo ikutisankhira ma symbol, kutanthauza mayina a ma function ndi ma variable, oti azioneka kunja. Kubwerera m'mbuyo sindingabwerere. Koma amene akukuuzani kuti fayilo imodzi ikwanira mapurosesa onse ndiye kuti sanamangirepo 32-bit.

Ubwino wake unaonekera pomwepo ndipo sunasinthe. Pansi pa global mumalemba mayina amene mukufuna atuluke, pansi pa local mumaika kanyenyezi (*), zina zonse zabisika. Mukayendetsa nm -D --defined-only, lamulo loonetsa ma symbol amene laibulale ikutulutsa, mndandanda umene unali wosatha kuwerenga umasanduka waufupi. Ma symbol a zlib, laibulale yopanikiza deta yomwe tinaiphatikiza m'kati mwa laibulale, anasiya kulimbana ndi zlib ya pulogalamu ya munthu wina. Zinyalala zimene linker imadziikira yokha, monga _edata, _end ndi __bss_start, nazo zinachoka.

Pamene pavuta ndi pa mayina a C++. Compiler imalemba mtundu wa argument iliyonse m'dzina la symbol, ndipo mitunduyo siyofanana pa mapurosesa onse. Tengani function yotchedwa werenga yolandira size_t. Pa x86_64 ndi arm64, size_t ndi unsigned long, choncho dzina limatuluka _Z7werengam. Pa ARM ya 32-bit ndi unsigned int, dzina n'kukhala _Z7werengaj. Kalembo kamodzi kakumapetoko n'kokwanira kuti function ibisike pa purosesa imodzi, ena awiri ali bwinobwino. Ndi mmenenso zilili ndi int64_t: kalembo kake kwina ndi l, kwina ndi x. Ena amati ingolembani m'chigawo cha extern "C++", koma kumenekonso dzina lomasulidwa limanena unsigned long kapena unsigned int, vuto lomwe lija. Mukathawira ku werenga* mwatsegula chipata, chilichonse cham'kati choyamba ndi dzina limenelo chimatuluka nawo.

Chokwiyitsa n'chakuti GNU ld sidandaula. Dzina likalembedwa mu script koma kulibe, imangodutsa phee, ndipo mumadzamva kwa wogwiritsa ntchito kuti pulogalamu yake ikukana kudzuka, ikuti undefined symbol. lld, linker ina ya LLVM, masiku ano imaima n'kunena kuti symbol not defined. Anzanga anaiona ngati yovuta chifukwa inakana ma function athu a NEON (a ARM yokha) pa x86_64 ndi a AVX2 (a x86 yokha) pa ARM, koma ine ndili mbali ya lld, ndipo ku GNU ld nakonso tinaika --no-undefined-version kuti izichita chimodzimodzi.

Chimene chatikhazika mtima pansi ndi kudutsitsa script mu preprocessor ya C tisanaipereke kwa linker. Mayina a onse ali pamwamba, a purosesa imodzi ali m'kati mwa #ifdef __aarch64__, __arm__ kapena __x86_64__. Sizokongola, koma zikugwira. Ma function atsopano a kunja tikuwapatsa mayina a C wamba, omwe sasintha kulikonse.

Musaiyese script ngati yolowa m'malo mwa -fvisibility=hidden, option youza compiler kuti ibise ma symbol, yomwe inabwera ndi GCC 4.0 mu 2005. Script imagwira ntchito compiler itamaliza kale, ndiye code imakhala itapangidwa ngati kuti symbol iliyonse ingalowedwe m'malo ndi ya kwina. Ziwirizi zimayendera limodzi, bola mukumbukire kuti chimene compiler yabisa, script singachitulutse ngakhale mutachilemba pansi pa global. Samalaninso ndi typeinfo (chizindikiro cha mtundu) ya ma exception amene amaoloka malire a laibulale: ikabisika, catch ya kunja ikhoza kuwaphonya.

Si kulikonse kumene fayiloyi imagwira ntchito. Linker ya Apple imafuna -exported_symbols_list, mayina ake oyamba ndi underscore, pomwe Windows ili ndi fayilo ya .def. Panopa kumanga kulikonse kumathera poyerekeza zotuluka mu nm ndi mndandanda wosungidwa wa purosesa imeneyo, ndipo zikasiyana ngakhale dzina limodzi, build imagwa.