Dar kapena Kigali kwa ogwira ntchito pa laputopu

Anzanga atatu andifunsa kale funso limodzimodzi, kuti munthu amene amagwira ntchito pa intaneti koma ndalama zake ndi zowerengeka akakhale ku Dar es Salaam kapena ku Kigali. Ine ndimapanga ma design, makasitomala anga ali kunja, ndipo konseku ndakhalako ndi chikwama chimodzi ndi laputopu basi.

Tiyambe ndi masiku. Ndi pasipoti ya Malawi ku Tanzania umalowa opanda viza mpaka masiku 90, ungodutsa pa Songwe, basi mpaka Mbeya kenako ina ya ku Dar. Ku Rwanda amakupatsa masiku 30 aulere pofika, ndiye usanadziwe nkomwe msika wotchipa wayamba kale kuwerenga masiku otsala.

Kumbali ya ntchito yeniyeniyo Kigali ndi yabwino, sindikana. Kumazizira bwino, usiku kuli phee, netiweki sinandigwetsepo pa call, nthawi yawo ndi imodzi ndi yathu pomwe Dar ili patsogolo ndi ola limodzi. Mungodziwa kuti Loweruka lomaliza la mwezi m'mawa kumakhala Umuganda, ntchito yachitukuko ya anthu onse, mashopu amatseka mpaka cha m'ma 11, komanso majumbo apulasitiki analetsa kalekale mu 2008 ndiye musalowe nawo. Vuto ndi thumba. Mzindawo ndi wamapiri okhaokha, kulikonse umafuna njinga yamoto, ndipo tindalama ta njinga timeneti pakutha pa sabata timakhala titadya bajeti ya ndiwo.

Tsopano za Dar, apa ndiye mtima umandiwawabe. Ndinaona kuti ku hostel ndalama ikuthamanga, ndinati bola ndipeze chipinda changa ku Sinza, dera lina la mumzindamo. Kumeneko nyumba sumapeza wekha, pamakhala ma dalali, anthu opezera ena nyumba powalipira. Amene ndinamupeza ine anayamba ndi kufuna ndalama yongondionetsera zipinda, ndinapereka. Titapeza chipinda landilodi akuti lendi ndi ya miyezi 6 pakamodzi, ndi mmene amachitira kumeneko, ine ndili ndi masiku 90 okha. Tinanenerera mpaka anavomera miyezi itatu, ndinasangalala, ndalama ndapereka, makiyi ali m'manja, dalali uja wangoima pakhomo akuti yake ndi lendi ya mwezi umodzi wathunthu. Sanandiuzepo chiyambireni. Ndiye taganizani, kukhala miyezi itatu kulipira inayi, kutchipa konse komwe ndimathamangira kunathera pomwepo.

Sizinathere apo ayi. Magetsi kumeneko ndi ogula mayunitsi, amawatchula LUKU, koma mita inali imodzi ya zipinda zonse ndipo dalali ananditsimikizira kuti chipinda changa chili ndi yakeyake. Timasonkha mofanana pomwe wina ali ndi fuliji ndi ayironi, ine laputopu ndi fani. Tsiku lina mayunitsi anatha ndili pakati potumiza ntchito, kunja kukutentha koopsa, anthu osonkha nawo onse ali ku ntchito, ndinagula ndekha pa foni ndipo palibe anandibwezera. Ndinamuimbira dalali uja kangapo, foni sanayankhenso.

Komabe mukandifunsa lero ndibwerera kuti, ndi ku Dar. Chakudya kwa ma mama ntilie, amayi ogulitsa zophikaphika, ndi chotchipa ndipo ugali ndi nsima yathu yomweyi, yolimbako pang'ono chabe. Basi ya Mwendokasi, yoyenda mu msewu wakewake, imakutenga kuchokera ku Kimara mpaka ku Kivukoni osakhala pa jamu, ku msika wa Kariakoo umapeza chaja kapena chilichonse chomwe chafa. Chiswahili chimalowa msanga m'khutu la munthu wa Chichewa, nyumba ndi nyumba, nyama ndi nyama, mwezi ndi mwezi, pomwe Chinyarwanda mwezi wonse ndinangogwira moni ndi murakoze, zikomo wawo. Ndipo zikavuta kumudzi, maliro kapena matenda, ukwera basi mpaka Songwe, kwanu wafika.

Amene muli ndi ntchito ya ma call tsiku lililonse ndipo malipiro ndi okhazikika, pitani ku Kigali mwezi umodzi, mukagwira ntchito mwamtendere. Enafe a maganyu obwera mwa apo ndi apo, Dar, koma chipinda chokhala ndi katundu kale cholipira mwezi ndi mwezi, ndipo mita ya LUKU muione ndi maso anu musanatulutse shilingi ngakhale imodzi.