Mapatapata kapena nsapato zotseka: agogo avale ziti?

Mapatapata ndi otchipa ndipo savuta kuvala, koma chidendene chimangoyendayenda, zala n'kumakanirira kuti asavuke. Pabafa ponyowa kapena pamatope a dzinja agogo amaterereka mosavuta, ndipo fupa la m'chiuno likathyoka paukalamba limachedwa kupola. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa chogwa, ndipo opitirira zaka 60 ndiwo amachuluka.

Nsapato zotseka kumbuyo, zafulati, za mphira wamizeremizere kunsi, zimagwira phazi lonse. Zimatentha mu Okutobala, inde, ndipo zingwe zimavuta kwa munthu wolephera kuwerama; pamenepo agulireni zomata. Ine ndingasankhe nsapato zotsekazi, makamaka kwa odwala shuga amene mapazi awo amachita dzanzi, poti akhoza kuponda minga osamva.