Positi, UPS kapena FedEx: ndani anganyamule zipolopolo ndi zida za mfuti ku America?

Masamba akayamba kufiira kuno ku America, nyengo yosaka agwape ili pafupi, funso limodzi limazungulira pakati pa ife amene timakhudza mfuti. Wina wagulitsa scope yake yakale, galasi lija lolozera lomangirira pamwamba pa mfuti, kwa munthu wa chigawo (state) china. Wina akusamuka ndipo ali ndi makatoni a zipolopolo pansi pa bedi. Onse amafunsa chimodzimodzi: wotchipa ndani? Ine ndimati funsolo lafulumira. Yambani mwasuzumira m'katonimo, chifukwa chimene chili m'menemo ndicho chimasankha wonyamula, osati thumba lanu.

Onyamula odziwika alipo atatu: USPS, imene ndi positi ya boma, ndiye makampani awiri, UPS ndi FedEx. Kusiyana kwawo kwenikweni si mtundu wa galimoto. Positi imayendera malamulo a dziko, ndipo ukawaphwanya wapalamula mlandu ku boma. Makampaniwa amatsata malamulo a unduna wa zamtengatenga okhudza katundu woopsa, koma pamwamba pake amaikapo awoawo, amene angathe kuwasintha tsiku lililonse osafunsa munthu. Chimene lamulo la dziko likukulolani, kampani ikhoza kuchikana, ndipo palibe kumene mungakadandaule.

Tiyambe ndi zipolopolo, poti m'pamene anthu amapsa manja. Ku positi yankho ndi lalifupi: ayi. Buku lawo la malamulo a katundu woopsa, lotchedwa Publication 52, limaika zipolopolo m'gulu la zophulika zosaloledwa, kaya zikupita mtunda wa makilomita awiri kaya kunja kwa dziko. Palibe zakuti ndi kachipolopolo kamodzi ka .22, palibe zakuti ndamanga bwino. Onga ndi ma primer, tija timayatsa onga kumatako kwa chipolopolo, nazonso ayi. Chindapusa cholembedwa m'lamulo chimayambira pa madola 250 kufika 100,000 pa kulakwa kumodzi, ndipo nkhani ikhozanso kukafika kukhoti ngati mlandu woti munthu amangidwe nawo. Chifukwa chake sichovuta kumva: makalata ena amakwera ndege, ndipo amene akusanja mapaketi sadziwa chimene chili m'kati.

Kwa munthu wamba, khomo limene lakhala lotsegukako ndi la UPS, koma pa msewu pokha, njira imene amaitcha UPS Ground. Malamulo a boma amalola zipolopolo za mfuti zing'onozing'ono kuyenda ngati katundu woopsa wochepa, m'gulu lotchedwa Limited Quantity, bola zisapose kukula kwa .50, kutanthauza theka la inchi, kapena 8 gauge ngati ndi za chifefe, ndipo katoni yonse isalemere kuposa makilogalamu 30, amene ndi mapaundi 66. M'kati zipolopolo zikhale m'timabokosi take, zothinana bwino, zosakhuchumuka, ma primer atatetezeka kuti asagundidwe. Kunja kwa katoni mumamata chizindikiro chooneka ngati dayamondi ya pa makhadi a njuga, chakuda kumwamba ndi kumunsi, choyera pakati. Akale adzakuuzani za kapepala kolembedwa ORM-D. Kameneko kanatha ntchito kumapeto kwa 2020, ndiye mukapeza katoni yakale ili nako, musadalire.

Mfuti ndi zipolopolo siziyenda katoni imodzi, zimenezo n'zodziwika. Chimene ambiri sachidziwa ndi kumene katoniyo ikaperekedwe. Masitolo olembedwa The UPS Store amene mumawaona pafupi ndi golosale salandira zipolopolo. Eni ake ndi anthu apadera amene anangogula dzina. Mabokosi oponyamo mapaketi a m'mbali mwa msewu nawonso ayi. Muyenera kukapereka pa kauntala ya kampani yeniyeniyo, kawirikawiri kudepoti, kapena dalaivala adzatenge pakhomo panu. Tsono makauntala amenewa achepa kwambiri zaka zapitazi, moti kwa ena ulendo wake ndi wa ola lathunthu. Imbani foni kaye, ndipo werengani tsamba la kampaniyo la tsiku limenelo, osati zimene anakuuzani mnzanu amene anatumiza zaka zisanu zapitazo. Safunsa anadya phula.

FedEx nayo imanyamula zipolopolo, ndipo mukagula pa intaneti kawirikawiri ndi galimoto yawo kapena ya UPS imene imaima pakhomo. Koma kumeneko ndi kulandira. Kutumiza ndi nkhani ina. Masitolo a FedEx Office salandira katundu woopsa, ndipo zipolopolo zikati zikwere ndege zimafuna mapepala a katundu woopsa olembedwa ndi munthu amene anachita maphunziro ake. Wabizinesi amene ali ndi akaunti komanso galimoto yobwera tsiku ndi tsiku saona vuto. Inu amene mwangotulukira ndi katoni imodzi m'khwapa, mudzatuluka thukuta. Pa zipolopolo, ine ndimaika UPS patsogolo, FedEx pambuyo, positi kunja kwa mpanda.

Chenjeraninso ndi njira zotchipa kwambiri za makampani awiriwa, zija katundu nthawi zina ankakamalizira ulendo m'manja mwa wapositi. Mtengo wake umakopa, koma si za zipolopolo. Ndipo amene ali ku Alaska kapena ku Hawaii asayerekeze kuti zimene zikuchitika m'zigawo 48 zolumikizana zija zikuwakhudza. Kumene msewu sufika, nkhani yonse imasintha.

Pali lamulo lina la boma lalikulu limene limaiwalika. Mukamatumiza mfuti kapena zipolopolo kudutsa malire a chigawo kwa munthu wopanda laisensi ya malonda a mfuti, muyenera kudziwitsa wonyamulayo mochita kulemba kuti m'katonimo muli chiyani. Kubisa ndi mlandu. Koma kudziwitsa kampani n'kosiyana ndi kulengeza ku dziko lonse. Musalembe mawu akuti mfuti kunja kwa katoni, ndipo musagwiritse katoni ya chithunzi cha mfuti. Katoni yotere ikagona pakhonde masana onse, mwaitana akuba.

Onga ndi ma primer, kwa amene amadzipangira okha zipolopolo, n'zosayenera kutayira nthawi. Zimafuna pangano la katundu woopsa ndi kampani, maphunziro, komanso ndalama yapadera pa paketi iliyonse. N'chifukwa chake ogula amasonkherana kuti agule zambiri kamodzi, ndalamayo aigawane. Ngati muli ndi zitini za onga zimene simukuzifunanso, gulitsani kwa munthu woyenera wa m'dera lanu pamaso m'pamaso.

Tsono tikafika pa zida zina zopanda moto, masewera amatembenuka ndipo positi imawina mosavuta. Lamba wa mfuti, chikwama chake, holster (chimake cha mfuti yam'manja), miyendo yoimikira mfuti, mabulashi otsukira, zoteteza makutu, scope: zonsezi ndi katundu wamba. Positi ili m'tauni iliyonse ngakhale kumidzi yakutali, imafika ku P.O. Box, ndipo paketi yaing'ono imayenda pa mtengo umene makampani aja savomera. USPS Ground Advantage, imene inayamba mu 2023, imakwanira pa zinthu zambiri zotere.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi mabokosi a Flat Rate. Mtengo ndi umodzi kaya mwaikamo nthenga kaya miyala, mpaka mapaundi 70. Opanga zipolopolo kunyumba analipeza kalekale dzenje limeneli. Mitu ya zipolopolo ya mtovu, yopanda onga, ndi zitsulo chabe, ndipo makoko amkuwa opanda primer ndi zitsulonso chabe, choncho positi imanyamula. Bokosi laling'ono lodzaza mtovu limalemera ngati mtondo. Mukapita nalo ku UPS kapena FedEx kawirikawiri adzalipima pa sikelo n'kukutchajani malinga ndi kulemera komanso mtunda. Ku positi mulipira chimodzimodzi ndi amene akutumiza masokosi. Kungoti limateni ndi tepi yolimba m'makona monse, pakuti bokosi lotere likang'ambika mtovu umamwazika ngati nandolo. Ndipo muwachitire ulemu apositi, ndi msana wawo umene ukunyamula.

Pa scope ya ndalama zambiri m'pamene ndimayamba kuganiza kawiri. Onse atatu amayambira pa madola 100 ngati katundu watayika kapena kusweka, ndipo zoposa pamenepo mumachita kulipirira. Scope ya madola 1,500 musaitumize ngati mukutumiza malaya. Lipirani mtengo wake wonse, funani siginecha ya wolandira, jambulani zithunzi musanatseke katoni, sungani lisiti yogulira. Apa kusiyana kwa atatuwa n'kochepa, ndipo ndimasankha amene amafika bwino kumene wolandirayo akukhala.

Pali tizinthu tina timene timaoneka tofatsa koma tili ndi malamulo ake. Red dot, kagalasi kolozera koonetsa kadontho kofiira, ndi tochi zomangirira pa mfuti zimakhala ndi mabatire a lithium, monga CR2032 ndi CR123A. Batire likakhala m'kati mwa chida chake nkhani imaphweka. Mabatire oyenda okha ali ndi malire ake. Mafuta ndi mankhwala otsukira mfuti ambiri amagwira moto, ndipo opopera amakhala ndi mpweya wothinikizidwa, choncho ambiri sakwera ndege. Funso limene wapakauntala amafunsa lija, lakuti muli zamadzi, zosweka kapena zoopsa, si mwambo chabe. Yankhani zoona.

Magazini, kabokosi kaja kosungira zipolopolo pa mfuti, ikakhala yopanda kanthu positi siikana. Amene angakukaneni ndi malamulo a kumene ikupita. California, New York ndi New Jersey amaletsa magazini zoposa zipolopolo 10, Colorado inaika malire pa 15 kuyambira 2013, ndipo pali zigawo zina zingapo. Wonyamula sadzakufufuzirani zimenezo. Mlandu ndi wanu. Ndipo mawu akuti yopanda kanthu muwatsimikize ndi maso. Ine ndemwe tsiku lina ndinali nditakulunga kale magazini ziwiri m'nyuzipepala, n'kuona kuti imodzi ikulemerako pang'ono m'manja. Kusuzumira, chipolopolo chimodzi chili phee. Kuyambira pamenepo ndimapisanso m'matumba onse a chikwama chilichonse ndisanachitumize.

Zipolopolo nazonso zili ndi malire a zigawo. Ku California, kuyambira 2018, zogula pa intaneti zimayenera kufikira kwa wogulitsa wa laisensi, osati pakhomo, ngakhale lamuloli lakhala likukokedwa m'makhoti. New York imafuna kuti wogula aonekere pamaso pa wogulitsa. Illinois imafuna khadi lotchedwa FOID, losonyeza kuti munthu ndi wololedwa kukhala ndi mfuti. UPS ikhoza kulandira katoni yanu ndi manja awiri, inu n'kukhala mutaphwanya kale lamulo la kumene ikupita.

Gulu lomaliza ndi la zinthu zooneka ngati zida wamba koma lamulo limaziwerenga ngati mfuti yathunthu. Thupi la mfuti, chija amati frame kapena receiver, chimene chimakhala ndi nambala, ndi mfuti ngakhale chilibe mpope. Silencer, chochepetsa phokoso la mfuti, nayonso ndi mfuti pamaso pa lamulo, ndipo ili pansi pa lamulo la 1934. Apa makampani anatseka zitseko: FedEx kuyambira 2021 ndi UPS kuyambira 2022 amalandira mfuti kwa okhawo amene ali ndi laisensi ya boma, ija amati FFL, ndiponso anasainirana nawo pangano. UPS inalowetsamo ngakhale zigawo za mfuti m'malamulo ake atsopanowo, n'chifukwa chake sipuling'i kapena kapini ndimangokaponya ku positi. Chodabwitsa n'chakuti pa mfuti yaitali positi ndiyo yofewa: munthu wamba angatumize mfuti yaitali kapena chifefe chopanda zipolopolo kwa wa laisensi m'chigawo chilichonse. Mfuti yam'manja, kapena thupi lake, pitani nayo kwa wogulitsa wa laisensi akutumizireni.

Malamulowa sanagwe kumwamba. Loletsa munthu wamba kutumiza mfuti zam'manja pa positi ndi la 1927. Mu 1963 Lee Harvey Oswald anagula mfuti yake ya Carcano pochita kuitanitsa ku sitolo ina ya ku Chicago, n'kukailandira pa P.O. Box ku Dallas, ndipo ndi imene inapha pulezidenti John F. Kennedy. Lamulo la 1968 linatseka malonda a mfuti ndi zipolopolo a pa makalata. Lina la 1986 linatsegulanso mbali ya zipolopolo. N'chifukwa chake lero katoni ya zipolopolo ingafike pakhonde panu m'zigawo zambiri pamene mfuti iyenera kudzera kusitolo.

Kwa ife ochokera kwathu pali chiyeso china. Malume amene ali ndi chifefe chothamangitsira anyani kumunda adzaimba foni kuti mphwanga, tatumizako tizipolopolo kapena kascope. Musayese, kaya pa positi, pa kampani, m'diramu ya zovala kapena m'sutikesi ya wina wopita kumudzi. Kutulutsa zipolopolo, zigawo za mfuti ngakhale scope mu America kumafuna chilolezo cha boma, chimene kuyambira 2020 pa zambiri zotere chimachokera ku unduna wa zamalonda, ndipo kumene zikufikira nakonso apolisi ndi a kasitomu ali ndi malamulo awo. Malumewo atumizireni ndalama akagule kwa wogulitsa wovomerezeka.

Nanga uja akusamuka ndi makatoni ake? Zipolopolo 1,000 za 9mm zimalemera pafupifupi makilogalamu 12. Mukawerengera mtengo wotumizira, mafuta opitira kudepoti ndi theka la tsiku lotayika, phindu lonse lapita. Makampani osamutsa katundu wa m'nyumba kawirikawiri amazikana, ndipo ndege zambiri zimalola makilogalamu 5 okha m'katundu wopita kunsi kwa ndege. Ngati ndikuyendetsa ndekha, ndimaziika m'bokosi lokhoma kumbuyo kwa galimoto nditawerenga kaye malamulo a zigawo zimene ndidutse. Ngati ndikukwera ndege, ndimagulitsa zina kwa anzanga a kumalo oombera, zotsalazo timakazithera pa zibonga Loweruka lomaliza.