Kuyezetsa Madzi Pafupi ndi Mtaya wa Mzedi: Zimene Labotale Imachita Bwino ndi Zimene Imasiya

Mtaya wa Mzedi uli kunja kwa Limbe, chakumbali kwa msewu wopita ku Zomba, ndipo ndi kumene zinyalala zambiri za mzinda wa Blantyre zimakathera, kaya zachokera m'nyumba, m'misika kapena m'mafakitale. Zinyalalazo zimathiridwa pamtetete. Anthu a m'midzi yozungulira akhala akudandaula za utsi, ntchentche ndi fungo, koma nkhawa yovuta kuithetsa ndi ya madzi akumwa, chifukwa mvula ikagwa imadutsa m'milu ya zinyalala n'kutuluka ili bii, ndipo palibe amene angaone ndi maso kumene madzi amenewo amalowera akamira m'nthaka. Ndemanga ino ndi ya ntchito yoyeza madzi imene labotale ina ya mu Blantyre imachita molipiritsa. Komiti ya madzi ya kwathu inasonkhetsa ndalama kuti tiyezetse mjigo ndi chitsime chokumba pamanja chimene chili kumunsi kwa mudzi.

Pa kalandiridwe ndi malangizo a katungidwe ka madzi, ogwira ntchito kumeneko ndi oyenera kuyamikiridwa. Sanatilole kubweretsa madzi m'mabotolo a zakumwa otsukidwa kunyumba, monga momwe tinkaganizira, koma anatipatsa mabotolo awoawo ophedwa tizilombo, ndipo anafotokoza mofatsa kuti chivindikiro chisakhudzidwe mkati, kuti mjigo uyambe wapopedwa kwa mphindi zingapo madzi ogona m'paipi atayike, komanso kuti botolo lisadzazidwe mpaka kukamwa. Madzi oyezera tizilombo amayenera kunyamulidwa ali m'bokosi la madzi oundana ndi kufika ku labotale tsiku lomwelo, makamaka pasanathe maola 6, chifukwa akatentha tizilombo timachulukana kapena kufa, ndipo zotsatira zake zimanama. Kwa munthu woyenda pa minibasi zimenezi zikutanthauza kulawirira m'mamawa. Bokosilo tinabwereka kwa wogulitsa nsomba, popeza labotale sibwereketsa, ndipo ndikuona kuti akanachita bwino kumasunga mabokosi angapo oti magulu a m'midzi azibwereka.

Vuto lalikulu lili pa zimene amayeza munthu akangonena kuti wabwera kudzayezetsa madzi akumwa. Pa mtengo woyambira amayang'ana tizilombo tochokera m'chimbudzi monga E. coli, kuderako kwa madzi, pH (muyeso wa asidi m'madzi) ndi kuchuluka kwa mchere wosungunuka. Zimenezi n'zofunika, ndipo aliyense amene akukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sangazipeputse. Komatu chimene chimawasowetsa tulo anthu okhala pafupi ndi mtaya wolandira zinyalala za m'mafakitale si tizilombo tokha. Amaopa mtovu wochokera m'mabatire akale a galimoto ndi mu penti, cadmium ya m'mabatire ena ang'onoang'ono, chromium, mafuta a injini ndi mankhwala ena amene sanunkha kapena kusintha mtundu wa madzi. Zimenezi siziyezedwa pokhapokha mwini madzi atazitchula yekha, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake pachokha. Pa kauntala palibe amene anatifunsa kuti madziwo akuchokera kufupi ndi chiyani. Funso limodzi lokhalo likanasintha mndandanda wonse wa zoyeza, ndipo gulu losadziwa likhoza kulipira, kulandira pepala looneka bwino, n'kubwerera kumudzi likukhulupirira kuti nkhani ya mtaya yatha pomwe sinakhudzidwe n'komwe.

Titapempha kuti ayezenso zitsulo monga mtovu, cadmium ndi chromium, zinaoneka kuti luso alinalo. Anatipatsa mabotolo ena apulasitiki amene amathiramo asidi pang'ono kuti zitsulo zisamamatire m'mbali mwa botolo, ndipo katswiri wina wa kumeneko anatilangiza kuwonjezera mankhwala osungunuka m'madzi otchedwa nitrate, ammonia ndi chloride, chifukwa zimenezi zimayenda msanga m'nthaka kuposa mtovu ndipo ndi zimene zimayamba kusonyeza kuti madzi a m'zinyalala afika pa chitsime. Malangizo amenewa anali amtengo wapatali kuposa china chilichonse chimene tinalipirira, koma anaperekedwa mwamwayi chabe, chifukwa katswiriyo anangopezeka akudutsa pa kauntala. Anatichenjezanso kuti mankhwala ena a m'mafakitale, monga osungunulira penti ndi girisi, iwo alibe zida zowayezera, zimene ndi bwino kuzimva munthu asanapereke ndalama.

Zotsatira za tizilombo zinatuluka mwachangu, pakuti tizilomboto timangofunika pafupifupi tsiku limodzi kuti timere m'mbale zoyezera. Za zitsulo zinachedwa kupitirira tsiku limene anatilonjeza, ndipo sanatiimbire foni kutidziwitsa.

Pepala la zotsatira ndi pamene ntchitoyi imafooka kachiwiri. Linalembedwa m'Chingerezi chokha, lili ndi mizere ya manambala pambali pa malire ovomerezeka, popanda chiganizo ngakhale chimodzi chouza mayi wotunga madzi choti achite. Malirewo anatengedwa m'miyezo ya Malawi Bureau of Standards, imene ili pawiri, MS 214 ya madzi akumwa ndi MS 733 ya madzi a m'mijigo ndi m'zitsime, komanso m'malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Malangizo a WHO amati E. coli asapezeke n'komwe m'mamililita 100 a madzi akumwa, nitrate asapitirire mamiligalamu 50 pa lita, mtovu 0.01, ndipo cadmium 0.003. Munthu wosazolowera sangadziwe kuti nambala yaing'ono chotere ndi imene ikusonyeza kuopsa kwa chinthucho, ndiponso pepalalo silinena kuti kwa ana palibe mlingo wa mtovu umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, popeza umawononga ubongo umene ukukula. Silinenanso kuti nitrate wochuluka amaopseza kwambiri makanda omwetsedwa mkaka wosungunula ndi madzi amenewo. Tinachita kupempha mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu kuti amasulire pepalalo pa msonkhano wa kwa amfumu.

Kwa ife, chitsime chinapezeka ndi tizilombo, mjigo unalibe, ndipo zitsulo zinali pansi pa malire m'malo onse awiri. Apa labotale inachita chilungamo chimene anthu ena pa msonkhanowo sanakondwere nacho: inakana kunena kuti tizilomboto tachokera ku mtaya. Zimbudzi zokumba, makola a ziweto ndi ndowa zotungira zimabweretsanso E. coli ndi nitrate, choncho kuyeza kamodzi pa chitsime chimodzi sikungaloze gwero. Kuti gwero lidziwike pamafunika kuyerekeza madzi a kumtunda kwa mtaya ndi a kumunsi kwake, ndiponso kuyeza m'chilimwe ndi m'dzinja, chifukwa madzi a pansi amakwera mvula ikagwa ndipo zimene sizinaoneke mu Okutobala zikhoza kuoneka mu Febuluwale. Zotsatira zabwino za zitsulo, motero, zikunena za tsiku limene madziwo anatungidwa basi. Ine ndimaona kuti kukana kumeneku ndi chizindikiro cha labotale yodalirika, ngakhale kuti kukutanthauza kuti mudzi uyenera kusonkhanso ndalama, ndipo labotaleyi ilibe mtengo wochepetsedwa kwa obweranso kachiwiri kapena kwa magulu a m'midzi.

Pali mfundo ina imene ikanayenera kulembedwa pa pepala lililonse lopita kwa anthu okhala pafupi ndi mtaya. Kuwiritsa madzi kapena kuthira klorini kumapha tizilombo, koma sikuchotsa mtovu kapena nitrate, ndipo kuwiritsa nthawi yaitali kumangochepetsa madzi n'kusiya zinthuzo zitachulukana m'madzi otsalawo. Ambiri mwa ife tinakula tikumva kuti madzi owiritsa ndi abwino nthawi zonse, choncho kusiya mfundoyi osaitchula n'kusiya anthu ndi chitetezo chimene mwina palibe. Dziwaninso kuti kuyeza madzi sikunena kanthu za utsi wa mapulasitiki oyaka, umene ndi dandaulo la tsiku ndi tsiku, ndipo labotaleyi siyeza mpweya.

Phindu lenileni la pepala lokhala ndi chidindo cha labotale limaoneka pokakambirana ndi akuluakulu. Lamulo la Environment Management Act la 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi osavulaza thanzi, ndipo ndi limene linakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira za chilengedwe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, kotero komiti ya mudzi ikhoza kupempha kuti ione zotsatira za kuyeza kulikonse kumene kunachitika kale m'deralo. Kalata yodandaula imene yaphatikizidwa ndi zotsatira za labotale, zosonyeza tsiku ndi malo enieni otungira, imavuta kuinyalanyaza kusiyana ndi yongonena kuti madzi akununkha. Chifukwa cha ichi, onetsetsani kuti dzina la chitsime ndi tsiku zalembedwa molondola pa botolo ndi pa pepala.

Ndikulimbikitsa makomiti a madzi a m'madera oyandikana ndi mtaya kuti agwiritse ntchito labotale ngati imeneyi, koma asapite chimanjamanja. Lembani mndandanda wa zimene mukufuna kuti ziyezedwe musanafike, nenani poyera kuti madziwo akuchokera pafupi ndi mtaya wolandira zinyalala za m'mafakitale, pemphani kulankhula ndi katswiri osati wa pa kauntala yekha, ndipo funsani mtengo wa chinthu chilichonse pachokha. Ngati ndalama sizikukwana zonse, yambani ndi E. coli, nitrate, ammonia, chloride ndi mtovu, ndipo sungani gawo la ndalamazo kuti mudzayezetsenso mvula ikafika pachimake.