Harvard College: thandizo la fizi ndi labwino, vuto lili pa kasankhidwe

Harvard College, gawo la yunivesite ya Harvard lophunzitsa digiri yoyamba, ya ku Cambridge m'chigawo cha Massachusetts ku America, imatchuka kuti ndi sukulu ya ana a anthu olemera. Pa nkhani ya fizi, mbiri imeneyi si yoona. Kuyambira chaka cha maphunziro cha 2025-26, wophunzira amene banja lake limapeza madola osaposa 100,000 pachaka salipira fizi, chakudya, malo ogona kapena inshuwalansi ya chipatala. Banja likamapeza madola osaposa 200,000, wophunzira salipira fizi. Ochokera kunja kwa America amathandizidwa chimodzimodzi, ndipo posankha sayang'ana ngati munthu angathe kulipira. Apa sukuluyi ndi yoyenera kuyamikiridwa.

Ndalamazi zimachokera m'thumba la mphatso limene mu 2024 linafika pa madola 53.2 biliyoni. Koma si thumba limodzi loti akuluakulu angotapamo mmene afunira. Muli timatumba toposa 14,000, ndipo pafupifupi 80 pa 100 alionse a ndalamazo eni mphatso anachita kunena ntchito yake. John Paulson, wabizinesi amene anaphunzira ku sukulu ya zamalonda ya Harvard, atapereka madola 400 miliyoni mu 2015, ndalamazo zinapita ku sukulu ya uinjiniya basi. Kampani ya Harvard Management Company imagwiritsa ntchito ndalama za m'thumbali kuti zizibereka phindu, ndipo yunivesite imatengapo pafupifupi 5 pa 100 alionse pachaka.

Chodandaulitsa ndi kasankhidwe. Mu 2024 anafunsira malo anthu 54,008, koma anatengedwa 1,937 okha, osakwana 4 pa 100 alionse. Ambiri mwa okanidwawo anakhoza bwino kwambiri, ndipo sauzidwa chimene chinalakwika. Zikalata zimene zinatuluka pa mlandu wa kasankhidwe, umene unakathera ku khoti lalikulu la America mu 2023, zinasonyeza kuti mwa ana a anthu amene anaphunzirapo pa Harvard, mmodzi mwa atatu alionse ankatengedwa, pamene mwa ena onse ankatengedwa pafupifupi 6 pa 100. Sukulu yachuma chotere siyenera kukondera mwana chifukwa cha kumene makolo ake anaphunzira.

Wofuna kuyesa alembe kudzera pa Common Application, fomu ya pa intaneti yofunsira malo ku mayunivesite ambiri a ku America. Tsiku lomaliza ndi 1 Januwale, kapena 1 Novembala kwa ofuna yankho msanga, koma njira yachangu imeneyi imaletsa kufunsiranso mwachangu ku mayunivesite ena a ku America amene si aboma. Pamafunika makalata a aphunzitsi awiri, lipoti la sukulu, ndi zotsatira za mayeso a SAT kapena ACT, amene anabwezeretsedwa atawasiya kwa zaka zingapo. Ndalama yofunsira malo amaikhululuka mukapempha.

Ambiri amakodwa pa fomu ya thandizo, ya CSS Profile. Ngati makolo anasiyana, amafuna chuma cha onse awiri, ndipo pamene mmodzi sadziwika kumene ali muyenera kulemba pempho lapadera ndi umboni wochokera kwa munthu amene si wachibale. Makolo ochita bizinesi yopanda malisiti ayambiretu kulemba zolowa ndi zotuluka, chifukwa manambala akasiyana pakati pa fomu ndi zikalata, ofesi imabwereza mafunso ndipo yankho la thandizo limachedwa.